Ophunzira za kadyedwe pa intaneti, yambani ndi nsima ya m'mbale mwanu

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anzanga amene akuphunzira za kadyedwe kudzera pa intaneti, makamaka amene angoyamba kumene. Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Kawale, ndipo ndimaphika phala pa sukulu ina ya mkombaphala. Chino ndi chaka changa chachiwiri pa maphunzirowa. Ndimawerenga usiku ana akagona, mbale zitatsukidwa, pa foni ndi pa laputopu yakale imene anandisiyira achimwene anga.

Chandilembetsa kalatayi ndi uthenga umene unagwa pa gulu lathu la WhatsApp sabata yatha. Munthu wina, amene sitikudziwa n'komwe kuti analowamo bwanji, analengeza kuti amalembera anthu asayimenti pa mtengo wozizira, ndipo ija yolemba zakudya za masiku atatu ali nayo kale, n'kungosintha dzina pamwamba. Pasanathe ola, anthu anayi anali atamupempha nambala. Usiku umenewo sindinaone tulo. Anzangawo sindikuwada ayi, chifukwa njira imene akufuna kulowayo inenso ndinapondamo phazi limodzi.

Asayimenti yathu yoyamba inali yomweyo. Ulembe chilichonse chimene wadya ndi kumwa kwa masiku atatu, ndi kuchuluka kwake, kenako uwerengere mphamvu ndi michere imene thupi lalandira. Ndinapeza pulogalamu ina pa intaneti yowerengera zimenezi, yopangidwa kunja. Ndinalembamo nsima, palibe chinatuluka. Ndinalemba chisoso, zii. Usipa, chimodzimodzi. Buku limene ndinkawerenga nalonso linali la ku America, miyeso yake ma ounce ndi makapu a kwawoko, chithunzi chake chija amachitcha MyPlate, cha magulu asanu, mkaka uli gulu pawokha. Ndinayang'ana m'kope langa: m'mawa phala la mgaiwa, masana nsima ya nkhwani wotendera, madzulo nsima ya usipa, mawa lake nsima ya nyemba. Ndinene zoona, manyazi anandigwira. Ndinaona ngati aphunzitsi asuzumira m'khitchini mwanga n'kuona umphawi. Ndiye ndinalemba buledi, mazira awiri, kapu ya mkaka, mpunga wa nkhuku ndi apulo. Zonsezi zinatuluka m'pulogalamu muja mosavuta, masamu ake myaa.

Aphunzitsi anandibwezera ntchitoyo. Sanandinyoze. Anangondikumbutsa kuti sabata yoyamba, podzifotokoza, ndinalemba ndekha kuti kwathu timadya nsima kawiri pa tsiku, ndiye anafunsa kuti nsimayo yalowera kuti. Anandipatsa sabata imodzi kuti ndibwereze. Zonse zimene ndikudziwa lero pa phunziroli zinayambira sabata imeneyo.

Ndinakabwereka kasikelo ka m'khitchini, kaja kolemba magalamu, kwa mayi wina woyandikana nafe amene amaphika makeke a maukwati. Madzulo ake ndinaphika ngati masiku onse, koma ufa ndinayamba ndauyeza: magalamu 500, wa phala ndi wolimbitsira womwe. Nditaomola inatuluka mitanda 6. Ndinatenga umodzi, ukufuka nthunzi, n'kuika pa sikelo. Magalamu 270. Ana anali ataima mozungulira kuonerera manambala, bambo awo atasamba kale m'manja akudikira.

Apa ndi pamene ambiri timagwera, ndipo nanenso ndinagwera pomwepo usiku umenewo. Pa tebulo la zakudya, umene ndi mndandanda woonetsa mphamvu ndi michere ya chakudya chilichonse, ndinapeza kuti magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi makalori pafupifupi 360, kalori kukhala muyeso wa mphamvu ya m'chakudya. Ndinatenga 270 uja n'kumuwerengera ngati ndi ufa, yankho linabwera 972 pa mtanda umodzi. Ine ndinali nditadya iwiri. Ndiye kuti mgonero wokha wandipatsa pafupifupi 2,000, mphamvu imene mayi ngati ine amafunika kwa tsiku lathunthu. Mtima wanga unakana. Ndinakhala chete n'kuganiza za mphika uja, mpaka ndinaona pamene panali vuto: gawo lalikulu la mtanda wa nsima ndi madzi, ndipo madzi alibe kalori ngakhale imodzi. Chowerengera ndi ufa umene unalowa mumphika. Magalamu 500 amapereka makalori 1,800. Kugawa pa mitanda 6, uliwonse ukutenga 300. Iwiri ija ndi 600 basi. Kuyambira tsiku limenelo, ndisanatenge nambala iliyonse pa tebulo, ndimayamba ndaona ngati mzerewo ukunena za chakudya chachiwisi kapena chophika, chouma kapena chonyowa. Nyemba ndi mpunga zimatupa mumphika. Masamba amanyala n'kuchepa. Usipa wouma ndi wosiyana kutali ndi wauwisi, chifukwa dzuwa lachotsa madzi n'kusiya michere ili thithithi.

Manambala angawa musawakopere. Chipande changa si chanu, ndipo pali nyumba zina zimene amaphika nsima yolimba ngati mwala, zina yofewa. Yezani yanu. Ngati sikelo yasowa, yezani ufa ndi kapu imodzi imene mukudziwa kukula kwake, ndipo m'asayimentimo munene poyera kuti munayeza motero. Mphunzitsi amalemekeza munthu amene wanena mmene wayezera kuposa amene wangobweretsa nambala yosalala yosadziwika kochokera.

Chimene chinandidzidzimutsa kwambiri ndi mafuta ophikira. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9, pamene ya sitalichi kapena ya mapuloteni imapereka 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ndi magalamu pafupifupi 14, ndiye kuti makalori oposa 120. Ine ndinazolowera kungopendeketsa botolo n'kuyeza ndi diso. Nditayamba kuthirira pa supuni, ndinapeza kuti mumphika umodzi wa usipa mukulowa masupuni anayi. Amenewa muyenera kuwagawa ndi chiwerengero cha anthu amene adya ndiwozo, osawasenzetsa munthu mmodzi. Shuga wa mu tiyi nayenso amaiwalika, chikhalirecho ambirife timathira masupuni atatu osefukira.

Anzanga, tebulo la zakudya tili nalo lathulathu. M'chaka cha 2019 kunatuluka Malawian Food Composition Table, limene akatswiri a ku Bunda, ku LUANAR, anagwirapo ntchito limodzi ndi anzawo akunja. Likupezeka pa intaneti, ndipo zakudya zambiri zili ndi mayina athu pambali. Litsitseni kamodzi, musunge m'foni. Pamene chakudya chasowa m'menemo ndipo mwakakamizika kufufuza m'matebulo akunja, chenjerani ndi mayina. Mnzanga wina anafuna nkhwani n'kutenga manambala a dzungu, chifukwa m'Chingerezi mawu oyamba ndi amodzi. Ife tinasiyanitsa kalekale: dzungu ndi nkhwani, chinangwa ndi chigwada, mbatata ndi kholowa, nyemba ndi khwanya. Chomera chimodzi, koma zakudya ziwiri zosiyana magulu. Mapulogalamu aja oyankha mafunso pa foni nawonso amasokoneza zomwezi molimba mtima, ndiye nambala imene akupatsani ikafufuzidwe kaye pa tebulo.

Kumbukiraninso kuti kuno timaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Mkaka, mazira ndi nsomba zili m'gulu la zanyama, pamodzi ndi ngumbi ndi mbewa. Mtedza uli ndi nyemba, soya ndi nandolo. Funso likakhala la banja la ku Malawi, yankhani ndi magulu athuwa. Buku lakunja ligwiritseni ntchito pofotokoza mmene thupi limagwirira ntchito, pakuti chiwindi ndi matumbo n'chimodzimodzi kulikonse, koma mbale yake si ya ku Kawale.

Nditalemba zoona, ndinapeza kuti chakudya chimene ndinkachita nacho manyazi sichinali chonyozeka. Nkhwani wotendera ndi masamba ndi nsinjiro, ndipo nsinjirozo zabweretsa mapuloteni ndi mafuta, mafutawo n'kuthandiza thupi kulandira vitamini A wa m'masamba. Usipa timadya ndi minga yomwe, ndiye kashiamu wa mafupa tikumupeza popanda kapu ya mkaka. Chimene chinasoweratu pa masiku atatu onse ndi zipatso, pamene nthochi ndimazidutsa tsiku ndi tsiku pa msika wa Kawale. Ndinaonanso kuti tiyi amene ndimamwa nditangotha kudya amatchinga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba kuti asalowe bwino m'thupi, pamene chipatso chokhala ndi vitamini C, monga malambe, gwafa kapena lalanje, chimathandiza ayironiyo kulowa. Ndinalembamonso za soda amene timathira mu therere ndi m'masamba kuti zifewe msanga, pakuti amaononga vitamini C ndi ena a gulu la B. Ndinalemba za ufa woyera, umene pokonola ndi kuviika timataya gaga ndi kamtima ka chimanga, m'mene muli michere yambiri, pamene mgaiwa umasunga. Apongozi anga sadya nsima ya mgaiwa, amati ndi ya nthawi ya njala, ndipo ndinalembamo zimenezonso, chifukwa uphungu wosaganizira apongozi umathera papepala.

Gawo limeneli, lofotokoza tanthauzo la manambala, ndi limene lili ndi malikisi ambiri, ndipo ndi limene munthu wogulitsa asayimenti sangakulembereni. Iye sakudziwa kuti kwanu amathira soda, kapena kuti mwezi ukafika pa 20 ndiwo zimasintha. Ndionjezeko kamodzi: mabuku ena akunja amanena za pelagra, matenda obwera chifukwa chosowa vitamini wotchedwa niacin mwa anthu odalira chimanga chokha, ngati mbiri yakalekale. Koma kuno anagwira anthu ambiri othawa nkhondo a ku Mozambique m'zaka za 1989 ndi 1990. Wophunzira wa kuno ayenera kuwerenga mutu umenewo ndi maso ena.

Asayimenti yachiwiri inali yofunsa munthu wina zimene wadya m'maola 24 apitawo. Ndinapita kwa mayi wina wa m'dera lathu, titagwirizana dzulo lake. Ndinakhala pamphasa n'kufunsa kuti mwana wawo wa zaka zitatu anadya chiyani dzulo. Anayankha kuti anadya kamodzi kokha, madzulo. Mtima unandiwawa, ndipo cholembera chinali chitayamba kale kuyenda. Mwamwayi ndinakumbukira kuti kwa ife munthu amene sanadye nsima sanadye. Ndinasintha funso. Ndinawapempha kuti tiyende limodzi kuyambira pamene mwanayo anadzuka, anene chilichonse chimene chinalowa m'kamwa mwake. Apo zinayamba kutuluka: tiyi ndi mbatata yophika m'mawa, chitumbuwa chimodzi kwa aneba, thobwa masana, kachidutswa ka nzimbe, chimanga chootcha theka. Ndikanalemba yankho loyamba, ndikanamunamizira mayiyo pamodzi ndi mwana wake.

Musathamange pofunsa. Akanena kuti ndiwo zinali mpiru, funsani ngati unali wotendera kapena wokazinga, munalowa tomato angati, mchere wake wa m'paketi kapena woyeza. Funsani ngati mwanayo anali ndi mbale yakeyake kapena anadyera limodzi ndi akuluakulu ake, chifukwa m'mbale ya ana anayi wamng'ono ndi amene amatsalira. Tengani chipande, kapu ndi supuni za m'nyumba momwemo kuti akuonetseni muyeso. Funsaninso ngati dzulolo linali tsiku wamba, pakuti tsiku la ukwati, la maliro kapena lolandira malipiro silionetsa kadyedwe ka masiku onse. Ndipo nkhope yanu isasinthe. Mukangoonetsa kudabwa, munthu amayamba kukuuzani za nyama imene sanadye, monga ndinachitira ine kwa aphunzitsi anga.

Pali chinthu china chimene chimandipweteka mtima. Ena akapita kukafunsa mabanja amajambula ana n'kuponya zithunzi pa gulu, mayina ndi nyumba zomwe zikuoneka. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pemphani chilolezo musanafunse, fotokozani kuti ndi ntchito ya kusukulu ndipo simunabweretse thandizo lililonse, dzina musalembe, chithunzi musajambule. Komanso ife ndife ophunzira, si madokotala. Munthu wa matenda a shuga, wa BP kapena amene akumwa ma ARV akakufunsani, musamuuze kuti asiye mankhwala n'kumadalira chammwamba kapena madzi a mandimu chifukwa munaona pa Facebook. Muuzeni apite kuchipatala. M'asayimenti namonso, uthenga wongoyendayenda pa WhatsApp si umboni. Nenani buku, tebulo kapena lipoti limene mwatengamo mfundo, ndi chaka chake, ndipo mfundoyo muilembe m'mawu anu. Ine ndimawerenga ndime, n'kutseka buku, n'kudzifotokozera m'Chichewa ngati ndikuuza amayi a kusukulu kwathu. Ndikakanika, ndiye kuti sindinamve, ndimabwereza. Ndikatha, m'pamene ndimalemba m'Chingerezi.

A Mkonzi, wina angafunse kuti mayi ameneyu walimbikira chiyani pa nkhani ya malikisi a anthu ena. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno, 37 ndi opinimbira. Mu 2010 anali 47. Ana amenewa ine sindiwaona papepala, ndimawagawira phala m'mawa uliwonse. Chaka chatha tinaphunzira kuyeza mkono wa mwana ndi kalamba kaja ka mitundu itatu, kamene amagwiritsa ntchito pa ana a miyezi 6 mpaka 59. Umayamba wapeza pakati penipeni pa phewa ndi chigongono, n'kuzunguliza kalambako, osamanga kwambiri, osalekerera. Pansi pa masentimita 11.5 ndi pofiira, mwana ali pangozi. Kuyambira 11.5 kufika pa 12.5 ndi pachikasu. Kupitirira apo ndi pobiriwira. Pa sukulu yathu panali kamtsikana kena kodekha, kosasewera ndi anzake, kodya pang'onopang'ono. Nditapempha mayi ake ndinakayeza, kalamba kanaima pachikasu. Ndinakanikizanso ndi zala pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu kuona ngati patsale dzenje, chizindikiro cha kutupikana. Panalibe. Mawa lake ndinawaperekeza ku sikelo, ndipo azaumoyo anapitiriza kuchokera pamenepo.

Pakati pa pofiira ndi pobiriwira pali sentimita imodzi yokha. Munthu amene wagula asayimenti lero, mawa ali ndi satifiketi m'manja, ndiye adzagwire kalamba kameneka pa mkono wa mwana wa wina. Ndiye adzawerengere ufa wa likuni phala wa ana 200 pa sukulu, kapena chakudya cha odwala m'wodi. Akadzasokoneza chachiwisi ndi chophika kumeneko, palibe mphunzitsi amene adzamubwezere kuti abwereze.

Zovuta za kuphunzira pa intaneti ndikuzidziwa, sindikuzichepetsa. Magetsi amazima uli pakati pa ndime, bandulo imatha fayilo ili theka, netiweki imathawa nthawi imene ukuifunitsitsa. Ine ndinataya masamba anayi usiku wina chifukwa batire ya laputopu yanga sisunga moto. Tsopano ndimayamba ndalemba m'kope, ndimatsitsa zowerenga zonse za sabata nthawi imodzi usiku bandulo ikatsika mtengo, ndipo ndikalemba pang'ono ndimadzitumizira pa imelo. Tsiku lomaliza lotumizira ndimalibweza ndekha ndi masiku awiri pa kalendala ya pakhoma. Amene sukulu yanu ili kunja, onetsetsani kuti ola limene alembalo ndi la kuno kapena la kwawo. Mukatumiza, tsegulaninso muone ngati yapitadi fayilo yoyenera, ndipo mujambule uthenga wotsimikiza uja. Funso muliwerenge kawiri pamodzi ndi kagawidwe ka malikisi musanalembe liwu limodzi, ndipo pamene simunamve lemberani aphunzitsi msanga. Safunsa anadya phula. Kuthandizana pa gulu n'kwabwino, ife timakumana anthu atatu Lamlungu masana kuonetsana masamu, koma aliyense amakalemba zake kwawo.

Kwa akuluakulu a masukulu amene amaphunzitsa phunziroli, pempho langa ndi lakuti tebulo la zakudya za kuno liperekedwe sabata yoyamba yomwe, pamodzi ndi chitsanzo chimodzi chowerengera nsima ndi ndiwo kuyambira pa ufa mpaka pa mbale. Munenenso poyera kwa ophunzira atsopano kuti palibe amene adzachotseredwe malikisi chifukwa anadya nsima ya bonongwe masiku atatu otsatizana. Ndikanamva mawu amenewo pachiyambi, sindikanalemba za apulo.

Inu anzanga anayi amene munapempha nambala ija, ngati mukuwerenga kalatayi, ndalamazo musatumize. Tsiku lomaliza likadali patali ndi masabata awiri. Sikelo ndinagula yanga tsopano, ndipo Loweruka masana ndimakhala ndili pakhomo. Ndilembereni pa gulu lomwelo, mubwere ndi ufa wanu, chipande chanu ndi kope, tidzaphike n'kuyezera limodzi.

Mayi wophika phala,
Kawale, Lilongwe